Musanagule galimoto, yambani mwafika ku Ndirande

Amalonda ambiri akapeza kangachepe amathamangira galimoto yotchipa ya pa intaneti. Amaiwala kuti ikatsika pa doko la Dar es Salaam pamafunikabe ndalama yoyibweretsera kudzera pa Songwe, msonkho wa MRA, inshuwalansi ndi COF. Pajatu kuno "yatsopano" nthawi zambiri ndi yoyendapo kale ku Japan.

Musanalipire, pitani kwa ogulitsa masipeya mumsika wa Ndirande mukafunse mtengo wa mashoko ndi mabuleki. Toyota Axio ya 1500cc masipeya ake savuta kupeza. Belta ya 1000cc siimwa mafuta ambiri, koma ikasenza matumba a chimanga pazitunda za ku Bangwe imalira.

Galimoto yosowa masipeya imagona kwa makaniko, mpamba wanu nkumatha.