INJINI YA DIZILO IKAYAMBA KUTSAMWA, YAMBANI NDI ZAPAFUPI

Nyengo yokolola ndi yogulitsa mbewu thirakitala ndi lole sizipuma. Pali nkhuni zopita ku mabalani, palinso mabelo a fodya oyenera kufika ku okushoni pa tsiku lake. Galimoto ikafa sabata imodzi, mwini esiteti amaluza, nawonso antchito amachedwa kulandira ndalama zawo.

Tsiku lina ndinafika pa esiteti ina pamene thirakitala ya Massey Ferguson 135 inali itaima masiku asanu. Akailiza inkanjenjemera, kulira mokweza ndi motsitsa, kenaka n'kuzima. Eni ake anali atagwirizana kale zomasula pampu ya dizilo kuti ipite ku tauni. Titachotsa sefa ya mafuta tinapeza madzi ndi matope. Tinaika sefa yatsopano, ndipo madzulo omwewo thirakitala inatuta nkhuni. Pampu inalibe vuto.

Mathirakitala amenewa anayamba kupangidwa mu 1964, ndipo ambiri ali ndi injini ya Perkins ya masilinda atatu. Injini yotere imafuna mafuta oyera ndi mpweya wokwanira. Ikamalira moipa galimoto ili chiimire, musathamangire pampu. Fufuzani motsatana chonchi.

MAFUTA NDI SEFA

Onani ngati m'thanki muli dizilo wokwanira, ndiponso ngati kabowo kopumira pa chitsekerero sikanatsekeke ndi fumbi. Tsanulirani dizilo pang'ono m'botolo loyera. Ngati muli madzi mudzawaona atakhala pansi, chifukwa amalemera kuposa dizilo. Sefa yakuda musaichape, ikani ina.

MPWEYA M'MAPAIPI

Mafuta akathera panjira, kapena mukasintha sefa, mpweya umalowa m'mapaipi. Masulani pang'ono kabauti kotulutsira mpweya ka pamwamba pa sefa. Popani ndi dzanja kapampu kakang'ono kokokera mafuta mpaka dizilo atuluke wopanda thovu, kenaka mangani. Chitaninso chimodzimodzi pa pampu yaikulu. Mpweya ukamabwerera tsiku ndi tsiku, funani paipi yong'aluka kapena polumikizira pamene sipanamange.

UTSI UMANENA ZAMBIRI

Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya. Yambani ndi sefa ya mpweya, pakuti misewu yathu ndi yafumbi. Ngati ndi sefa yokhala ndi oilo m'kambale, tayani oilo wamatopeyo ndi kuthira wina kulekeza pamzere. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi dizilo wosapsa, kapena madzi amene akulowa m'silinda. Utsi wobiriwira ngati mtambo ndi oilo amene akupsa. Pamenepo ganizirani za injini yotha, osati pampu.

KUPEZA NOZO YODWALA

Silinda iliyonse ili ndi nozo yake, imene imapopera dizilo ngati nkhungu. Injini ikulira pang'onopang'ono, masulani pang'ono ndi sipanala nati ya paipi yopita ku nozo imodzi. Kulira kukasintha, silinda imeneyo ikugwira ntchito. Mangani, pitani pa ina. Pamene kulira sikusintha ndi pamene pali vuto. Chenjerani: dizilo wa m'mapaipi amenewa amatuluka mwamphamvu ndipo angathe kuboola khungu. Musafufuze podontha ndi chala. Akakubayani thamangirani ku chipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lioneke laling'ono.

PAMENE MUYENERA KULEKEZA

Nozo ndi pampu zimayesedwa pa makina ake. Musadule kawaya kotsekera pampu pofuna kuonjezera mphamvu, ndipo musalole kuti aimasulire pa fumbi pansi pa mtengo. Itengereni kwa makaniko amene ali ndi zipangizo zake.

KUPEWA

Mgolo wa dizilo ukafika, usiyeni tsiku lathunthu kuti zinyalala zikhale pansi, ndipo musapope wa pansi penipeni. Dzadzani thanki madzulo poweruka, kuti chinyezi cha usiku chisasanduke madzi m'katimo. Pewani dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu. Akakhala wosakaniza ndi parafini amaperesa pampu, chifukwa pampu zambiri za mathirakitala akale zimadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake ziziterera.

Alimi anzanga, akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sefa ndi yotsika mtengo, pampu ndi yodula. Werengerani dalaivala wanu nkhaniyi, ndipo muzikhala ndi sefa yapadera m'sitolo ntchito yotuta isanayambe.