Chomwe chimapsereza gasiketi m'maminibasi akale a dizilo

Machinga, Mana: Pa msewu wochokera ku Liwonde kudzera ku Ntaja ndi Nselema, komanso m'misewu yolowera m'dera la mfumu yaikulu Chikweo kufupi ndi nyanja ya Chiuta, si zachilendo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuona minibasi itaima m'mbali mwa msewu, nthunzi ili tolotolo, kondakitala akuthamanga ndi chigubu kukasaka madzi. Kawirikawiri mathero ake amakhala kupsa kwa gasiketi ya hedi, vuto lomwe limagoneka galimoto ku garaja masiku ambiri.

Kwa anthu a kwa Chikweo nkhaniyi ndi yaikulu kaamba koti chipatala cha boma la Machinga chili ku Liwonde, ndipo odwala, aphunzitsi, alangizi a zaulimi ndi ogulitsa nsomba amadalira galimoto zoterezi. Ndi yofunikanso kwa ogwira ntchito m'boma omwe amavomereza ndalama zokonzetsera galimoto, chifukwa nthawi zambiri gasiketi siipsa yokha. Kawirikawiri imapsa injini ikatentha mopitirira muyeso, ndipo kusintha gasiketi popanda kupeza chomwe chinatenthetsa injiniyo ndi kulipira kawiri ntchito imodzi.

Ambiri mwa maminibasi akalewa ndi a mtundu wa Toyota HiAce omwe ankapangidwa kuchokera mu 1989 mpaka 2004, okhala ndi injini za 2L, 3L, 5L kapena 1KZ-TE, komanso Nissan Caravan ya injini ya TD27. Ambiri anafika m'dziko muno atagwira kale ntchito ku Japan, ndipo ngakhale omalizira kupangidwa mwa ma HiAce amenewa apitirira zaka 20. Injini yake imakhala pansi pa mipando yakutsogolo, pamalo opanikizika pomwe kutentha sikuchoka msanga galimoto ikamayenda pang'onopang'ono mumchenga kapena pachitunda itasenza katundu wolemera.

Gasiketi ndi chitsekerero chopyapyala chomwe chimakhala pakati pa thunthu la injini, lomwe amakaniko amati buloko, ndi chivindikiro chake chotchedwa hedi. Ntchito yake ndi kulekanitsa zinthu zitatu: moto wa m'masilinda, madzi oziziritsa injini ndi oyilo. Injini za dizilo zamtunduwu zimapanikiza mpweya mowirikiza pafupifupi ka 22, pomwe za petulo za nthawi yomweyo zimapanikiza pafupifupi ka 9 kapena ka 10, choncho gasiketi yake imasenza mphamvu yochuluka. Injini ikawira, chitsulo cha hedi chimafutukuka ndi kupindika, ndipo kupindika kosafika ngakhale theka la milimita kumakwanira kutsegula mpata. Nthawi zina hediyo imang'aluka, makamaka ya 1KZ-TE yomwe ndi ya aluminiyamu.

Zomwe zimatenthetsa injini nthawi zambiri ndi zinthu zazing'ono zosadula. Choyamba ndi madzi. Madzi a m'mijigo ina ya ku Balaka ndi Machinga ndi amchere, ndipo akamathiridwa m'rediyeta tsiku ndi tsiku amasiya zokakamira ndi dzimbiri zomwe zimatseka timapaipi ta mkati. Madzi a mankhwala oziziritsira injini, omwe amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za galimoto, amateteza ku dzimbiri ndipo sawira msanga.

Chachiwiri ndi chitsekero cha rediyeta. Madzi amawira pa madigiri 100, koma chitsekero chabwino chimasunga mphamvu ya mpweya mkati kotero kuti sawira mpaka atayandikira madigiri 120. Labala wake akatha, madzi amawira msanga ndi kutayika. Fumbi, matope ndi njere za udzu zomwe zimamatirira kunja kwa rediyeta, lamba wa fani wolefuka, fani yomwe yasiya kukoka mphepo mokwanira, pampu ya madzi yotha ndi mapaipi a labala ong'ambika zimabweretsa vuto lomwelo.

Pali chizolowezi chochotsa themositati poganiza kuti m'dziko lotentha ilibe ntchito. Kachipangizoka kamatseguka madzi akafika pakati pa madigiri 80 ndi 90, ndipo kamathandiza kuti injini igwire ntchito pa kutentha koyenera. Kukachotsa kumangobisa vuto lenileni, ndipo m'injini zina kumachititsa kuti madzi ena azingozungulira m'injini osadutsa m'rediyeta.

Gasiketi ikayamba kupsa pamakhala zizindikiro. Madzi amachepa popanda pomwe akudontha, utsi woyera umatuluka ku ekizozi ngakhale injini itatentha kale, m'rediyeta mumatuluka thovu injini ikamalira, ndipo mapaipi a madzi amauma gwa injini itangolizidwa kumene. Nthawi zina oyilo amaoneka ngati tiyi wamkaka. Choopsa kwambiri ndi pamene madzi alowa m'silinda usiku, pakuti madzi sapanikizika, ndipo kuliza injini m'mawa kungathe kupinda ndodo ya pisitoni.

Muvi wa geji ukakwera, dalaivala ayenera kuima pamalo otetezeka nthawi yomweyo. Ngati madzi akutayika kapena lamba waduka, injini izimitsidwe. Kutsegula chitsekero injini ili yotentha kungathe kumuwotcha munthu kumaso ndi m'manja, ndipo kuthira madzi ozizira m'injini yowira kumang'alula hedi. Dalaivala ayeneranso kudziwa kuti madzi akatheratu geji imatha kunama, chifukwa kachipangizo koyezera kutentha sikakhalanso m'madzi.

Pofika pokonza, wovomereza malipiro ali ndi mafunso anayi oyenera kufunsa. Kodi chinatenthetsa injini chapezeka ndi kukonzedwa? Kodi hedi yayezedwa kuti aone ngati yapindika kapena kung'aluka? Kodi gasiketi yatsopano ndi ya makulidwe oyenera, poti ya injini za Toyota za mtundu wa L imabwera m'makulidwe angapo malinga ndi momwe mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko? Nanga mabawuti amangidwa ndi sipanala yoyezera mphamvu motsata ndondomeko ya kampani yopanga galimotoyo? Mayankho ake ayenera kulembedwa pa lipoti la garaja. Maofesi a boma angathenso kupempha upangiri ku nthambi yokonza ndi kubwereketsa galimoto za boma ya PVHES, yomwe kale inkatchedwa PVHO.

Chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, chomwe chimaperekedwa ndi nthambi ya Road Traffic, chimatsindika pa zachitetezo monga mabuleki, matayala ndi magetsi, ndipo sichitsimikizira kuti mkati mwa rediyeta muli bwino. Udindo umenewo uli m'manja mwa dalaivala, mwini galimoto ndi woyang'anira zamtengatenga pa ofesi. Kuona madzi ndi oyilo m'mawa uliwonse injini isanalizidwe, kulemba m'kaundula wa galimoto nthawi iliyonse madzi awonjezeredwa, ndi kutsukitsa rediyeta nyengo yotentha isanafike kumathandiza kuti vutoli lidziwike likadali laling'ono, galimoto isanafere panjira ndi wodwala wopita ku Liwonde.