Ntchito yoyang'anira antchito ku Petauke: kumva kaye munthu asanachotsedwe

Nyengo yogula mbewu ikafika ku Petauke ndi ku Nyimba, anthu ambiri amalembedwa ntchito za kanthawi: makalaliki a pa sikelo, onyamula matumba a chimanga ndi mtedza, alonda a m'madepoti a thonje. Ambiri amayamba pongogwirizana pakamwa ndi abwana. Mbewu zikatha kugulidwa, mkangano umabuka. Wina akuti tinapangana ndalama zakuti, abwana akukana, ndipo palibe pepala loti lilekanitse awiriwo.

Apa ndi pamene pamaonekera kufunika kwa ofesala woona za antchito, amene ambiri amangomutcha kuti a HR. Ntchitoyi ku Zambia ili ndi bungwe lake, Zambia Institute of Human Resource Management, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1997, ndipo woigwira amayenera kulembetsa kumeneko ndi kukhala ndi chiphaso. Wachinyamata womaliza giredi 12 akhoza kukaiphunzira ku NIPA kapena ku Evelyn Hone College ku Lusaka, ngakhalenso ku Mulungushi University ku Kabwe. Akabwerera kwawo, malo alipo: kukhonsolo, kuofesi ya maphunziro ya m'boma, kuzipatala monga Kalindawalo General Hospital ndi Minga Mission, ndi m'makampani ogula mbewu.

Buku lake lalikulu ndi Employment Code Act ya mu 2019. Lamuloli likuti kontrakiti ya miyezi 6 kapena kuposerapo ilembedwe papepala, mayi woyembekezera apatsidwe tchuthi cha milungu 14, ndipo wa kontrakiti yoposa chaka imodzi alandire ndalama yomuthokoza yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake enieni ikatha kontrakitiyo. Palinso ndalama za penshoni za NAPSA, 5 peresenti kwa wantchito ndi 5 kwa abwana, zimene mabwana ena amadula pa malipiro koma osakapereka. Kumeneko ndi kuba, ndipo mwini ndalamayo amadzazindikira atakalamba.

Koma chovuta kwenikweni m'tauni yaing'ono ngati Petauke sichili m'bukumo. Amene mukumulembera kalata yomuchenjeza Lachisanu ndi yemwe mukhale naye pabenchi limodzi kutchalitchi Lamlungu, mwinanso ndi mlamu wanu. Tengani nkhani ya maliro. Lamulo limapereka masiku 12 pachaka kwa wantchito amene wataya mwamuna kapena mkazi wake, kholo, mwana kapena munthu amene amamusamalira, komanso pa chifukwa china chomveka. Nanga mlonda akabwera m'mawa, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti amalume atisiya kwa Mwape? Pakati pa Ansenga, amene mtundu amautsata kuchikazi, malume ndi mwini mbumba, ndipo mphwake sangasowe pamaliro ake. Kwa Mwape nakonso ndi kutali ndi msewu wa Great East; si ulendo wopita n'kubwera tsiku lomwelo. Ofesala wodziwa ntchito amaona kuti ichi ndi chifukwa chomveka, amagwirizana naye masiku, amawalemba m'fayilo, ndipo mawa wina akabwera ndi vuto lomwelo amamuyeza ndi muyezo womwewo. Antchito amapirira lamulo lolimba, koma tsankho salikhululukira.

Nkhani yochotsa munthu ntchito ndiyo imagwetsa mabwana ambiri. Matumba awiri akasowa m'depoti, mtima umafuna kunena kuti nyamuka, usadzapondenso pano. Lamulo la 2019 likufuna chifukwa chenicheni, ndiponso kuti munthuyo apatsidwe mpata woyankhapo asanachotsedwe. Choncho mlandu ulembedwe, wantchito aitanidwe, afotokoze mbali yake, ndipo zokambidwazo zisungidwe. Nthawi zina pomumvetsera zimadziwika kuti makiyi anali ndi anthu atatu, kapena kuti munthuyo wagwira miyezi iwiri osalandira kanthu. Kudumpha njirayi kumafikitsa nkhani kwa ofesala wa Labour, mwinanso ku Industrial Relations Division ya High Court, kumene kampani imatha kulipira zambiri kuposa mtengo wa matumba aja.

Wofuna ntchitoyi adziwiretu kuti malipiro a anthu, matenda awo ndi ngongole zawo zidzadutsa m'manja mwake, ndipo zimenezi sizikambidwa pamsika kapena kunyumba, ngakhale kwa mkazi wake.