ZA THUPI LA MUNTHU, GAWO 4: Kapitawo wa Pamwamba pa Impso

M'gawo lapitalo tidaona m'mene uthenga umayendera m'minyewa. Lero titsikire ku impso.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiŵalo kolemera pafupifupi magalamu 5, kotchedwa adrenal. Taganizani za mayi amene akuthyola tiyi ku Satemwa kapena ku Naming'omba, dengu lili kumsana, ndipo aona mphiri itadzipinda pansi pa chitsamba. Asanakuwe n'komwe, ubongo watumiza kale uthenga. Minyewa ithira mankhwala otchedwa acetylcholine pa maselo a m'kati mwa adrenal, kashiamu aloŵa m'maselomo, ndipo timatumba todzaza ndi adrenaline tikhuthulira m'magazi. Mtima ugunda kwambiri, shuga achuluka m'magazi, miyendo ipeza mphamvu yothaŵira. Adrenaline ameneyu adamuyenga Jokichi Takamine wa ku Japan mu 1901. Maselowo amatchedwa chromaffin chifukwa amasanduka ofiirira akathiridwa mchere wa chromium.

Koma funso limene ophunzira safunsa kaŵirikaŵiri ndi ili: kodi amaletsa ndani kuti adrenaline asasefukire?

Mmodzi mwa oletsawo ndi GABA, amene Eugene Roberts ndi Sam Frankel adamupeza mu ubongo mu 1950. Mu ubongo wa munthu wamkulu, GABA amatsegula timakomo ta selo, chloride n'kuloŵa, seloyo n'kufatsa. Diazepam, amene a chipatala amapatsa mwana wokomoka, amagwira ntchito polimbikitsa GABA yemweyu.

M'zaka za m'ma 1980 akatswiri adapeza kuti maselo a chromaffin nawonso ali ndi GABA wawo ndiponso timakomo take. Apa ndi pamene nkhani ikukomera. Maselo ameneŵa amasunga chloride wambiri m'kati mwawo, choncho timakomo tikatseguka chloride amatuluka m'malo moloŵa. Zikatero selo limene linali phee limadzidzimuka n'kutulutsa adrenaline pang'ono. Koma minyewa ikamakalipa kwambiri, timakomo totsegukato timataya mphamvu ina ya uthengawo, monga ngalande ipatutsira madzi a mvula m'munda wa pamtsetse, ndipo adrenaline amatuluka wocheperapo. Kwa ine, GABA wa mu adrenal ndi kapitawo wanzeru: waulesi amamudzutsa, wa phuma amamugwira dzanja. Aphunzitsi anzanga, tisauze ana kuti GABA amangoletsa basi. Ayambe afunsa kuti chloride wachuluka mbali iti.

Kuletsaku n'kofunika. Adrenaline ndi wabwino pa mphindi ya njoka, koma akamakhala wambiri m'magazi nthaŵi zonse amatopetsa mtima ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Pali chotupa chosoŵa cha maselo a chromaffin, pheochromocytoma, chimene chimaonetsa izi poyera: wodwala amamva mutu waukulu, amatuluka thukuta lambiri, ndipo mtima umathamanga popanda chomuopsa.

Nanga tiyi wathu wa ku Thyolo akuloŵamo bwanji? Caffeine wa m'masamba ake amakweza adrenaline pang'ono. Ku Japan, mu 1987, adapanga tiyi wa GABA wambiri posunga masamba aaŵisi m'chotengera chopanda okosijeni. Komabe musafulumire kumukhulupirira, pakuti GABA womeza amafika mu ubongo movutikira kwambiri.

M'gawo lotsatira tidzakamba za cortisol, amene amachokera m'khungwa la kachiŵalo komweka.