KWA WOGWA PA CHISANKHO NDI KWA AMENE ADAKHALA KUNYUMBA

Inu amene mukumvetsera ku Chipoka, ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi m'midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, lero tikambirane nkhani ya chisankho cha makhansala. Tikambe za anthu a mitundu iwiri: munthu amene adaimira nawo koyamba nagwa, ndi anthu ambirimbiri amene tsiku la chisankho sadapite kukaponya voti. Awiriwa nkhani yawo ndi imodzi.

Tiyambe ndi kukumbutsana mbiri. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavomereza pa referendamu kuti dziko lino likhale ndi zipani zambiri. Mu 1994 ndi mu 1999 anthu adadzuka m'mamawa, nandandalika pa mizere itali-itali kuti asankhe mtsogoleri wa dziko ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Pa chisankho cha 1999, mwa anthu khumi alionse olembetsa, asanu ndi anayi adaponya voti. Mu 1998 padakhazikitsidwa lamulo la maboma aang'ono, cholinga chake nchakuti mphamvu zina zichoke ku likulu zifike kwa anthu m'maboma mwawo. Tsono pa 21 Novembala 2000 kudachitika chisankho choyamba cha makhansala mu ulamuliro wa zipani zambiri. Tsikulo malo oponyera voti adangoti zii. Mwa anthu 100 alionse olembetsa, pafupifupi 14 okha ndiwo adabwera. M'mawodi ena ambiri mudali woimira mmodzi yekha wopanda wopikisana naye, ndipo chipani cholamula cha nthawiyo, UDF, chidatenga pafupifupi mipando isanu ndi iwiri mwa khumi iliyonse.

Nanga anthu adakhaliranji kunyumba? Zifukwa zilipo zingapo. Ambiri sadaphunzitsidwe bwino ntchito ya khansala, nkumayesa kuti ndi kaudindo kachabe poyerekeza ndi phungu. Ena adali atatopa, poti chaka chimodzi chokha chidali chitapita chichitikire chisankho chachikulu. Ena adali okhumudwa ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Komanso Novembala ndi mwezi wa khasu, pamene mlimi akuthamangira kumaliza mizere mvula isadagwe. Ndipo msodzi amene wachezera usiku wonse panyanja kufuna usipa, kukacha amafuna mphasa, osati mzere.

Zotsatira zake tidaziona. Nthawi ya makhansala aja itatha mu 2005, chisankho china chidangozengerezedwa chaka ndi chaka, ndipo dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala, mpaka pa 20 Meyi 2014 pamene tidasankha pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi. Chinthu chimene eni ake sachisamala, nchapafupi kuchilanda popanda wodandaula.

Tsopano tiyerekeze, mongopereka chitsanzo, wodi ya anthu olembetsa 5,000. Akaponya voti 14 mwa 100 alionse, ndiye kuti abwera anthu 700. Pa chisankho cha khansala wopambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi. Oimira akakhala atatu, munthu angathe kupambana ndi mavoti 300 okha. Choncho anthu 300 asankhira anzawo 4,700 munthu amene adzakhale m'khonsolo pokambirana za ndalama za misonkho ya m'misika, za mijigo, za milatho ya m'midzi, za midadada ya sukulu, ndi za malamulo aang'ono oyendetsera boma lathu. Wokhala kunyumba amayesa kuti sadasankhe aliyense, koma zoona zake nzakuti wapereka voti yake kwa amene adapita. Inu a kunyanja mukudziwa kuti khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. Chingwe chikagwiridwa ndi anthu owerengeka, nsomba zimathawa, ndipo njala imagwera mudzi wonse, ngakhale aja adangokhala pamchenga nkumaonerera.

Tsono ndilankhule ndi inu bambo kapena mayi amene mudaimira koyamba nkugwa. Ululu wanu ndi weniweni. Mwina mudagulitsa mpunga kapena mbuzi kuti mulipire ndalama zolembetsera ndi kuyendera midzi. Pamisonkhano anthu adakuombereni m'manja, koma mabokosi atatsekulidwa simudawaone mavoti awo. Musafulumire kunena kuti mudzi wonse wakukanani. Pamene oponya voti ali ochepa, chiwerengerocho sichinena maganizo a onse. Chimangonena za amene adabwera. Phunziro lake ndi ili: kuomba m'manja si voti. Woimira wanzeru samangoti "mundisankhe". Amayamba wafotokozera anthu ntchito ya khansala, naonetsetsa kuti adalembetsa ndipo akudziwa malo ndi tsiku. Ngati mukuona kuti panali chinyengo, njira ilipo: kadandauleni ku bungwe loyendetsa chisankho kapena ku khoti, muli ndi umboni m'manja. Koma kusunga chakukhosi, kuleka kulonjerana ndi mnansi chifukwa adavotera wina, kumeneko ndiko kugwa kwachiwiri, koposa koyamba kuja.

Mu buku la Ntchito za Atumwi timamva za anthu awiri amene adaperekedwa kuti mmodzi alowe m'malo mwa Yudasi: Yosefe Barsabasi ndi Matiasi. Onse awiri adali oyenera, poti adayenda ndi Ambuye kuyambira pachiyambi. Maere adagwera Matiasi. Kusasankhidwa kwa Yosefe sikudafafanize ulendo wonse umene adayenda, ndipo sitimva kuti adagawa mpingo. Momwemonso inu: kutumikira anthu sikudikira mpando. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi ikusowa anthu, komiti ya sukulu ndi ya padoko zikusowa anthu okhulupirika. Amene agwira ntchito pamenepo zaka zisanu, anthu amamudziwa ndi zochita zake. Paja akulu adati tsokonombwe adatha mtunda nkudumpha.

Pomaliza, inu makolo ndi akatekisiti, pamene mwasonkhana m'miphakati, kambiranani mafunso atatu awa. Kodi khansala wa wodi yathu timamudziwa dzina? Kodi ana athu amene akwana zaka 18 adalembetsa? Kodi tsiku la chisankho ndani adzaperekeza agogo ndi olumala kumalo oponyera voti? Musauze munthu woti amusankhe, imeneyo ndi nkhani ya mtima wake. Koma mukumbutseni kuti apite. Ndipo mukakumana ndi amene adagwa, musamuseke. Mugwireni chanza, chifukwa iye adalimba mtima kuimirira pamene ambirife tidakhala pansi. Mulungu akudalitseni nonse.