Kujambula Nyenyezi Mzinda Ukuwala

Munthu woima pa Mpingu usiku wopanda mwezi, akayang'ana kum'mawa, amaona thambo litayera ngati kukucha, chonsecho tambala woyamba asanalire. Kumeneko si kucha ayi, koma kuwala kwa magetsi a Lilongwe, mzinda umene wakhala ukukula chikhalire likulu la dziko lino m'chaka cha 1975. Kuwalako kumakwera m'mwamba, n'kumwazika pa fumbi ndi utsi, ndipo kumaphimba nyenyezi zing'onozing'ono. Vutoli si lakuno kokha: kafukufuku wa Fabio Falchi ndi anzake adapeza mu 2016 kuti munthu mmodzi mwa atatu pa dziko lapansi sathanso kuona Mlalang'amba ali kwawo.

Tsono mphunzitsi kapena wophunzira amene ali ndi kamera, ngakhale foni yokhala ndi gawo lolembedwa Pro, angathe kujambula nyenyezi m'dera lotere, malinga atadziwa zinthu zitatu zimene ayenera kutchera yekha.

Kamera ili ngati mtsuko wokingira mvula. Choyamba ndi kukamwa kwa mtsukowo, ndiko kabowo kolowera kuwala. Usiku kabowoka kayenera kutsekulidwa konse, ndipo nambala yake ikachepa, monga f/2.8, ndiye kuti kakula. Chachiwiri ndi nthawi imene mtsukowo ukhale pabwalo. Popeza dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kamera ikachedwa kutseka nyenyezi zimaoneka ngati timizere. Pofuna kupewa zimenezi, ojambula amagawa 500 ndi utali wa lenzi. Lenzi ya mamilimita 26, yofanana ndi imene mafoni ambiri amawerengeredwa, imalola masekondi 19 basi. Chachitatu ndi ISO, imene imagwira ntchito ngati kukweza wailesi: mawu akakwera, kusokosera nakonso kumamveka.

Apa m'pamene ambiri amasokera. Akaona kuti nyenyezi sizikutuluka, amawonjezera masekondi ndi ISO yomwe, ndipo chithunzi chimangotuwa ngati phulusa. Chifukwa chake n'chakuti kamera siisankha. Imalandira kuwala kwa nyenyezi pamodzi ndi kwa mzinda. Wokinga madzi pansi pa denga la udzu, akachedwetsa mtsuko sapeza madzi oyera, koma amangodzaza ofiirira omwewo.

Motero wojambulira pa Mpingu ndi bwino ayambe ndi ISO 800 ndi masekondi 8 kapena 10. Wa ku Namitete kapena kwa Kabudula, amene watalikira mzinda ndiponso wafulatira magetsi a pamsika, angayambe ndi ISO 3200 ndi masekondi 15. Manambalawa ndi poyambira chabe. Woweruza weniweni ndi kachithunzi konga chulu kamene kamera imaonetsa, kotchedwa histogram. Nsonga ya chuluyo ikhale cha kumanzere koma yosakhudza m'mphepete. Ikafika pakati kapena kupitirira, ndiye kuti mzinda wapambana, ndipo nthawi iyenera kuchepetsedwa.

Zimene zatayika pofupikitsa nthawi zimabwezedwa ndi kuchuluka kwa zithunzi. Wojambula atenge zithunzi 16 za malo amodzimodzi, kenaka aziphatikize pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere monga Sequator. Potero timadontho toipitsa chithunzi timachepa kanayi, ndipo kutuwa kotsalako kumachotseka mosavuta. Koma zonsezi n'zachabe ngati kamera ikugwedezeka. Iikidwe pa miyendo yake itatu, kapena pa thumba la mchenga, ndipo itcheredwe kuti ijambule yokha patapita masekondi awiri. Lenzi nayo ilunjikitsidwe ndi dzanja pa nyenyezi yowala mpaka nyenyeziyo itasanduka kadontho. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nyengo ndi mbali yoloza n'zofunikanso. Kwa anthu a ku Nsaru ndi ku Nambuma mzinda uli kum'mwera chakum'mawa, komwenso kumatulukira pakati powala pa Mlalang'amba. Wanzeru amadikira kuti Mlalang'ambawo ukwere. M'mwezi wa Julaye, cha m'ma 10 koloko usiku, umakhala pafupifupi pamwamba pa mutu, kutali ndi kuwala kwa mzinda. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimachulukitsa kutuwa; koma mvula ikatsuka mlengalenga, Nsangwe ndi Akamwiniatsatana zimaoneka bwino madzulo a mu Disembala.

Magetsi ndi chitukuko chimene aliyense akuchifuna, ndipo adzafika ndithu m'midzi yambiri. Sukulu imene ingamajambule thambo chaka ndi chaka, pa malo amodzi, mwezi umodzi ndi manambala omwewo, idzakhala ndi umboni wa mmene mdima ukutheramo. Umboni wotere ungathandize kuti nyale za panja ziziikidwa zovundikira pamwamba, kuti ziziwalitsa njira osati thambo.