Mapointi sikisi satsegula chitseko chilichonse

Ntchito yanga ndi kulangiza achinyamata ofuna kukaphunzira kunja, ndipo ndikuti funso loyamba lisakhale la ndalama kapena viza. Likhale ili: kodi satifiketi imene mwana ali nayo imamulowetsa pa mlingo uti kumeneko? Zotsatira za Giredi 12 zikatuluka ku Examinations Council of Zambia, nyumba za ku Kabwata ndi ku Chelstone zimamveka nthungululu, ndipo n'koyenera. Koma mayunivesite ambiri a ku England amaiwerengera satifiketiyi pa mlingo wa GCSE, mayeso amene ana awo amalemba kutatsala zaka ziwiri kuti alowe kuyunivesite. Ngakhale mwana wanu atapeza mapointi sikisi, omwe ndi kukhoza kwapamwamba koposa, adzamuuza kuti abwere ndi A Level kapena ayambe walowa chaka chokonzekera, chimenenso n'cholipira.

Ena amati kumeneku n'kunyoza maphunziro athu. Ine sindikuona choncho, chifukwa nkhani yagona pa kawerengedwe ka zaka. Digiri yoyamba ku England imatenga zaka zitatu, pamene pa yunivesite yathu ya UNZA yambiri imatenga zinayi. Zimene anzathuwo amamalizira kusekondale, ife timaziphunzira m'chaka choyamba cha kuyunivesite. Mwana wa ku Kabulonga kapena ku Woodlands amene makolo ake anamulipirira A Level pasukulu yapulaiveti sikuti ndi wanzeru kuposa mnzake. Pepala lake ndi limene likufanana ndi lomwe mayunivesite a ku England akufuna. Ku South Africa nakonso, wophunzira wochokera kunja amafunika chikalata cha Matriculation Board asanalembedwe pa digiri.

Mwina muti, nanga maejenti a m'tauni ntchito yawo ndi yotani? Alipo okhulupirika, sindikana. Komabe ambiri amalandira komishoni kuchokera ku mayunivesite amene amatumizako ana, choncho dzifunseni kuti akulozerani sukulu yokomera ndani. Zofunika pa kosi iliyonse mayunivesite amazilemba poyera, ndipo fomu ya UCAS yofunsira malo ku mayunivesite a ku England mwana angathe kuidzaza yekha, n'kusankha makosi osapitirira asanu. Ofuna za udokotala, Oxford kapena Cambridge amatsekeredwa pakati pa Okutobala, ana a Giredi 12 asanamalize n'komwe mayeso. Amene alibe ndalama za chaka chokonzekera angayambe pa UNZA, n'kudzafunsira thandizo la maphunziro la Chevening pa digiri yachiwiri atagwirako ntchito zaka ziwiri, kapena kutchera khutu ku bungwe loona za thandizo la maphunziro la HELSB likamalengeza malo a maphunziro a ku Russia ndi ku China.